Tsiku Lotsika Panjinga

Inu amayi amene mwatereka mphika ku Mvera, inu abambo amene mwakhala pakhonde ku Malomo wailesi ili pambali, anyamata a kabaza amene mwaimika njinga pa Mponela kudikira kasitomala wotsiriza, a ku Madisi, a kwa Nthondo, a kwa Msakambewa ndi a kwa Kalumo, takulandirani nonse. Sendezani mpando, tikambirane.

Ndiyambe ndi funso. Kodi munayamba mwakwerapo chitunda panjinga, thumba la chimanga lili pakeriya, mwera ukukuwombani pamphumi, mpaka miyendo kuyamba kunjenjemera? Ngati munakulira kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, yankho ndikulidziwa kale. Ndiye kumbukirani mmene zimakhalira mukafika pamwamba. Mwaponda phazi pansi, mwavula chipewa n'kupukutira thukuta, mwacheuka kuona kumene mwachokera. Kamphindi kameneko, kotsika panjinga ulendo utatha, ndiko nkhani yathu lero.

Tipita kutali, ku France, kukaona mmene mpikisano waukulu wa njinga zakapalasa umathera. Tikachoka kumeneko tidzera ku Eritrea ndi ku Rwanda, kenaka tibwerera kuno kwathu. Mfundo yake ndi imodzi, ndipo muisunge: pampikisano wautali wa njinga, tsiku lomaliza si la wopambana yekha ayi, ndi la aliyense amene wafika.

Mpikisanowu amautcha Tour de France. Umachitika mu Julaye, nyengo imene kuno chisanu chimakhala chitafika pachimake, alimi akudikira ndalama za fodya wawo ku Kanengo. Unayamba mu 1903, ndipo anauyambitsa ndi eni nyuzipepala ina yotchedwa L'Auto, amene ankafuna kuti nyuzi yawo iziyenda malonda. Woyamba kupambana anali Maurice Garin, munthu amene kale ankasesa mwaye m'machumuni a nyumba za anthu. Sanali mwana wa bwana ayi, anali munthu wa manja okhakhala ngati athuwa.

Masiku ano mpikisanowu umatenga masabata atatu. Amaugawa m'ndime 21, tsiku lililonse ndime yake, ndipo kupuma ndi masiku awiri okha. Ndanena kuti ndime mwadala, chifukwa amene munagwirapo khasu mukudziwa kuti ndime sagonekera, ya lero imatha lero. Kutalika kwa ndime yaikulu kuli ngati kunyamuka ku Lilongwe, kudutsa pa Chezi, kutsetsereka mpaka ku Salima, n'kutembenuka pomwepo kukwera chitunda chonse chija kubwerera ku Lilongwe. Mawa m'mawa, thupi likadali kuphwanya, n'kukweranso panjinga. Mukaphatikiza ndime zonse, zili ngati kuyenda kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu pafupifupi kakhumi. Ndipo m'katimo muli mapiri aakulu a Alps ndi Pyrenees, kumene munthu amakwera chitunda chimodzi kwa ola lathunthu osaona pamene chathera.

Nthawi imene munthu wayenda tsiku lililonse amaisonkhanitsa pamodzi, ndipo amene ali ndi nthawi yochepa kuposa onse ndiye amavala malaya achikasu, mwambo umene unayamba mu 1919. Aliponso malaya obiriwira a katswiri wa liwiro, ndi oyera a madontho ofiira a katswiri wa zitunda. Mu 1989, atapalasa masabata onse atatuwo, Greg LeMond wa ku America anaposa Laurent Fignon wa ku France ndi masekondi 8 okha, nthawi yongokwana kumwa kapu imodzi ya madzi.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa popanda ichi chikondwerero cha tsiku lomaliza simungachimvetse. Mdani wamkulu wa wopalasa njinga ndi mphepo. A kabaza a pamsewu wa M1 ndinu mboni: mukatsamira kumbuyo kwa mnzanu, mapedulo amapepuka, koma mukakhala patsogolo, mphepo yonse imathera pachifuwa panu. Amene ali kumbuyo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chake mpikisanowu amauchita m'matimu, timu iliyonse anthu asanu ndi atatu. Mwa asanu ndi atatuwo, kawirikawiri mmodzi yekha ndiye akuyembekezeka kupambana. Enawo pa Chifalansa amawatcha domestique, ndiye kuti wantchito wa pakhomo. Ntchito yawo ndi kutchinga mphepo kuti mtsogoleri wawo asatope msanga. Amatsalira m'mbuyo kukatenga mabotolo a madzi kugalimoto, kuwalonga m'malaya, n'kuthamanganso kukagawira anzawo. Tayala la mtsogoleri likaphulika, wantchitoyo amamupatsa lake, kapena njinga yake yomwe, iye n'kutsala m'mbali mwa msewu. Amagwira ntchito imeneyi masabata atatu akudziwa kuti dzina lake silikamveka pawailesi.

Ndiye likwane tsiku lomaliza. Kuyambira 1975 mpikisanowu umathera mumsewu waukulu wa mumzinda wa Paris, wotchedwa Champs-Élysées. Mwambo wake ndi woti tsiku limeneli anthu sanyamuka ndi liwiro. Amayamba mwapang'onopang'ono, akucheza, akuseka, anthu omwe dzulo lake samayang'anana n'komwe. Wovala malaya achikasu amafola ndi anzake a m'timu, atagwirana m'mapewa njinga zikuyenda, ojambula akujambula. Ena amapatsirana timatambula ta vinyo, kungonyowetsa milomo. Amene ali pa nambala yachiwiri nthawi zambiri salimbananso naye wachikasu, amati nkhondo inathera kumapiri. Akalowa mu Paris m'pamene akatswiri a liwiro amatsegula moto kulimbirana ndime yotsirizayo, kuzungulira msewu uja kangapo, khamu la anthu likukuwa mbali zonse.

Akadutsa mzere womaliza, zimene zimachitika n'zogwira mtima. Amuna akuluakulu amagona pansi pamsewu n'kulira. Wina akunyamula mwana wake amene sanamuone mwezi wathunthu, wina wakumbatira makaniko amene usiku uliwonse ankatsuka tcheni ndi kukonza magiya ena onse ali m'tulo. Wopambana amakwera pansanja, amamupatsa maluwa ndi kachidole ka mkango, nyimbo ya fuko lake n'kuimbidwa. Koma ndalama za mphotho, mwa mwambo wakalekale, sapita nazo yekha kunyumba. Zimagawidwa kwa anzake a m'timu, mpaka amakaniko ndi othandiza ena amalawako.

Ine ndikaona zimenezi ndimakumbuka dima. Achikulire mukukumbuka mmene zinkakhalira: munda ndi wa munthu mmodzi, koma makasu ndi a mudzi wonse. Mizere ikatha, mwini munda sakhala yekha pa mtsuko wa thobwa kapena wa mowa. Onse amakhala pansi pamthunzi, chikho n'kumazungulira, ndipo amene anatsalira pamzere wake anzake amamulandira, kumulimira kuchokera kumapeto kuti akumane pakati. Munda ukadzabereka, nkhokwe idzakhala ya mwini wake, koma tsiku lomaliza kulima ndi la onse. Pajatu mutu umodzi susenza denga. Ndibwerezenso: tsiku lomaliza si la wopambana yekha, ndi la aliyense amene wafika.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga wotsiriza weniweni uja, naye amakondwera? Inde. Ali ndi dzina lake laulemu, lanterne rouge, kutanthauza nyali yofiira, ija inkapachikidwa kumbuyo kwa bogi yomaliza ya sitima yapamtunda posonyeza kuti sitima yonse yadutsa, palibe bogi imene yaduka panjira. Ndipo musaganize kuti kukhala wotsiriza n'kophweka. Tsiku lililonse pamakhala malire a nthawi, ukachedwa kupitirira apo amakuchotsa mumpikisano. N'chifukwa chake kumapiri, amene matupi awo ndi olemera amasonkhana gulu limodzi kumbuyo, osayang'ana kuti uyu ndi wa timu iti, n'kumatchingirana mphepo mosinthanasinthana kuti onse alowe nthawi isanathe.

Mu 2024 anayamba anthu 176 ndipo anafika 141. Wotsiriza anali Mark Cavendish wa ku chilumba cha Isle of Man, bambo wa zaka 39. Munthu yemweyu, m'sabata yoyamba ya mpikisano womwewo, anali atapambana ndime yake ya nambala 35, kuposa mbiri ya Eddy Merckx wa ku Belgium imene inakhala zaka zambiri. Akanafuna akanalongedza katundu tsiku lomwelo n'kumapita kwawo ndi ulemu wake. Koma anasankha kuvutika ndi mapiri masabata ena awiri, akukokedwa ndi anzake, kuti akafike. Anafika kumapeto kwa onse, maola oposa asanu ndi limodzi m'mbuyo mwa wopambana, Tadej Pogačar wa ku Slovenia, ndipo anthu anamuombera m'manja ngati mfumu.

Tipume pang'ono ndi nyimbo. Tikabwerera, ndikuuzani za mnyamata wa kuno ku Africa amene anavinitsa dziko lake lonse chaka chomwecho, ndi za tsoka limene linamugwera pa chikondwerero chenichenicho.

(Nyimbo)

Takulandiraninso, omvera. Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za tsiku lomaliza la mpikisano wautali wa njinga, ndipo tanena kuti tsikuli ndi la onse amene afika.

Mnyamata uja dzina lake ndi Biniam Girmay, wobadwa mu 2000 mumzinda wa Asmara ku Eritrea. Ku Eritrea njinga ili ngati mpira kuno kwathu. Masewerowa anafika ndi Ataliyana m'nthawi ya atsamunda, eni dziko n'kuwatenga kukhala awoawo, moti Lamulungu misewu ya mu Asmara imatsekedwa kuti anyamata apikisane. Mzindawo uli pamwamba kwambiri, kuposa nsonga ya phiri la Dedza. Kumtunda kotero mpweya umakhala wopepuka, ndipo thupi la munthu wokulira kumeneko limazolowera kugwira ntchito ndi mpweya wochepa. Akatsikira kuchigwa amakhala ndi mpweya wotsala.

Mu Meyi 2022, pa mpikisano waukulu wa ku Italy wotchedwa Giro d'Italia, Girmay anapambana ndime yothera m'tauni ya Jesi. Anali munthu wakuda woyamba wa ku Africa kupambana ndime pa mipikisano ikuluikulu ya masabata atatu imeneyi. Mathieu van der Poel wa ku Netherlands, amene ankalimbana naye mpaka pamzere, ataona kuti zamukanika anamukwezera chala chachikulu njinga zikadali paliwiro. Koma tsoka silinunkha. Pansanja anamupatsa botolo lalikulu la vinyo wothovoka, uja amapoperana pokondwera. Mmene amawerama kuti alitsegule, chitsekerero chinafwamphuka n'kumumenya m'diso lamanzere. Madzulo a tsiku lake lalikulu anathera kuchipatala, ndipo m'mawa mwake sanakwerenso njinga, mpikisano anausiyira pomwepo. Anapambana ndime, koma sanafike. Ndikuganiza kuti mnyamatayu anamva kuwawa kwa kusiyana kwa zinthu ziwirizi kuposa mmene ine ndingakufotokozereni.

Patapita zaka ziwiri, pa 1 Julaye 2024, anapambana ndime ya Tour de France mumzinda wa Torino, woyambanso mwa anthu akuda a ku Africa kutero. Anawonjezera zina ziwiri, n'kuvala malaya obiriwira aja. Kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uthe, anagwa koopsa pafupi ndi mzere mumzinda wa Nîmes, chigongono n'kung'ambika mpaka kukasokedwa. Anzake a m'timu anamudikira n'kufika naye limodzi pamzere. M'mawa mwake anakweranso, mabandeji ali m'thupi, mapiri a Alps ali patsogolo, chifukwa malaya obiriwira sapatsa munthu amene watsala panjira. Ukhale ndi mapointi ochuluka bwanji, ukapanda kumaliza zonse zapita.

Chaka chimenecho mpikisano sunathere mu Paris, poti mzindawo unkakonzekera masewero a Olympics. Unathera ku Nice, m'mbali mwa nyanja, pa 21 Julaye. Aeritrea okhala m'maiko a ku Ulaya anakhamukira kumeneko ndi mbendera zawo, akuimba ndi kuvina mumsewu. Ambiri mwa iwo ndi anthu amene anachoka kwawo movutikira, ndipo ife a ku Dowa, amene tili ndi anansi athu pa Dzaleka chiyambire 1994, tikudziwa tanthauzo la kumva dzina la dziko lako likutchulidwa pa chinthu chabwino uli kutali ndi kwanu. Girmay anaima pansanja atavala zobiriwira, ndipo njira imeneyi ena anali ataiswa kale: mu 2015 Daniel Teklehaimanot, wa ku Eritrea komweko, anavalako kwa masiku angapo malaya a madontho ofiira ali m'timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka. Amayi nawonso sanatsale. Mu 2025, pa Tour de France ya amayi, Kim Le Court wa ku Mauritius anavala malaya achikasu, mayi woyamba wa ku Africa kuwavala.

Tidzere ku Rwanda tsopano, dziko limene amalitcha la mapiri chikwi, lofanana ndi kuno kwathu kuposa mmene mungaganizire: zitunda, minda ya mbatatesi m'mbali mwa mapiri, ndi njinga zosenza katundu wolemera kuposa mwini wake. Kumeneko kuli mpikisano wawo, Tour du Rwanda, ndipo tsiku lake ana amatuluka m'makalasi, amayi amasiya makasu, msewu wonse n'kudzaza anthu. Mmodzi mwa amene anapalasapo m'timu ya dzikolo ndi Gasore Hategeka. Iyeyu anali mwana wamasiye. Ankanyamula matumba a mbatatesi, n'kusunga timakobidi mpaka kugula njinga yakeyake, nayamba kunyamula anthu. Tinene mwachindunji, anali wa kabaza. Akatswiri a timu ya dziko akamadutsa pamsewu wa kwawo pokonzekera mipikisano, iye ankawathamangira pa njinga yake yolemera ija, mpaka aphunzitsi anamuona namupatsa mwayi. Panali wina woona, ndipo panali mpikisano woti akaonekerepo.

Mu Sepitembala 2025 mzinda wa Kigali unalandira mpikisano wa akatswiri a dziko lonse lapansi, koyamba kuti uchitikire mu Africa. Zitunda za mu Kigali zinawagwetsa ulesi anthu otchuka. Mwa amuna oposa 160 amene ananyamuka, anafika 30 okha. Anapambana ndi Pogačar yemwe uja, koma khamu silinabalalike iye atadutsa. Ng'oma zinkalirabe, ndipo aliyense wa otsalawo anapeza anthu akumudikira.

Tabwerera kwathu, omvera. Tsiku lina ndili paulendo wochokera ku Ntchisi ndinaona bambo wina akukankha njinga pachitunda, matumba awiri a soya atawamanga ndi malamba a chubu, kamwana kake ka sukulu kakukankhira kumbuyo ndi manja onse awiri. Atafika pamwamba, bamboyo sanayambe wamwa madzi iye. Anatsegula kabotolo n'kupatsa mwana uja poyamba. Kunalibe nthungululu, kunalibe wojambula, koma chimene ndinaona pamenepo ndi chomwe chija cha ku Paris: wofika akuthokoza womukankha.

Miyendo ilipo kuno. Mnyamata amene amakweza munthu wamkulu ndi katundu wake kuchoka pa Mponela kulowera ku Ntchisi, panjinga yopanda magiya, kangapo pa tsiku, ali ndi mtima ndi mapapo zimene aphunzitsi a masewero amazifunafuna. Mtsikana amene amapalasa mtunda wautali kupita kusekondale yoyendera n'kubwerako dzuwa litapendeka, nayenso ali nazo. Sindikunamizani kuti aliyense wa iwowa angakafike ku France. Njinga ya mpikisano ndi yodula koopsa, pamafunika chakudya chokwanira, mphunzitsi, ndi zaka zambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa iwo adzakalamba osamvapo ngakhale kamodzi munthu akuwaimbira nthungululu chifukwa cha mphamvu zawozo. Timawaona ngati anthu a ganyu basi, timatsika n'kulipira, nthawi zina monyinyirika, osacheukanso.

Mpikisano wa pamudzi sufuna zambiri. Mafumu, aphunzitsi, a mipingo ndi magulu a kabaza atagwirizana, n'kupempha apolisi kuti atchinge magalimoto kwa maola ochepa, pakhale a zaumoyo, opalasa avale zipewa zoteteza mutu, mabuleki aonedwe bwino chifukwa mitsetse yathu njoopsa, zikhoza kutheka. Anyamata ndime yawo, atsikana ndime yawo, a njinga zonyamulira katundu apikisane okhaokha, poti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma chimene ndikupempha kwambiri ndi ichi: a mganda ndi amayi a chimtali asachoke pamzere woyamba akangofika. Ng'oma ilire mpaka wotsiriza atsike panjinga, ndipo thobwa limupeze likadalipo.

Ndikusiyireni mafunso awiri oti mukambirane pamene mukudya nsima usiku uno. Loyamba: pa ulendo wanu wautali, kaya ndi sukulu imene munamaliza, kaya ndi nyumba imene munafolera malata, kaya ndi matenda amene munachira, ndani amene ankakutchingirani mphepo? Kodi pa tsiku la chikondwerero anakhala nanu pamphasa, kapena anali kukhitchini akutsuka mbale? Lachiwiri ndi la inu a kabaza: chitunda chiti kuno ku Dowa ndi Ntchisi chimene mukuti ndicho chimayesa mwamuna ndi mkazi weniweni panjinga? Tilembereni kapena tiimbireni, titchule mayina a zitundazo m'pulogalamu ikubwerayi.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Inu amene mukadali pamsewu, kunja kwada, yatsani tochi, yendani m'mbali, ndipo mukafike bwino kunyumba. Tsalani bwino nonse.